Pakhomo pa Positi Ofesi ya Mumzinda

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono)

WOLANKHULA:

 Kaya mawu anga akupezani pakhonde mutatha kudya, kaya akupezani pa ntchito ya usiku, ndikupemphani kuti mukhale nane kanthawi, pakuti lero tikamba za nyumba imene ambiri a ife tidaidziwa tikali ana, imene ena adaleka kalekale kupondamo, koma imene kwa abale athu ena ikali khomo lokhalo lotumizirapo mawu ndi katundu pa mtengo umene angaukwanitse. Ndikunena positi ofesi ya mumzinda. Ndipo mafunso anga ndi awiri: kodi munthu akalowa m'menemo alandiridwa motani, nanga nyumba imene alowamoyo isamalidwa motani?

Tisanafike pa zenera la kalaliki, tiyambe tabwerera m'mbuyo, kuti tidziwe thukuta limene lidagwa pomanga ntchito imeneyi. M'chaka cha 1891, pamene dziko lino lidalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi, ntchito ya mtokoma idayambira kumunsi kwa mtsinje wa Shire, popeza makalata a kunja ankakwera ndi sitima za pamadzi kuchokera ku Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja yamchere, nafika pa Chiromo. Ndipo masitampa oyambawo adali a kampani ya British South Africa Company, ongodindidwa pamwamba zilembo zitatu, B.C.A. Njanji idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, koma njanji ili ndi polekezera pake, ndipo kupyola pamenepo kalata idayenda pamutu pa munthu. Amtengatenga aja, amuna a miyendo yolimba, ankasenza matumba a makalata m'dzuwa ndi m'mvula, kuwoloka mitsinje yodzala, kupyola m'nkhalango za mikango ndi akambuku, kufikira atapereka thumba m'manja mwa woyenera kulilandira. Ndipo inu amene muyenda pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, mukafika pa Namaka, mungathe kuona kanyumba kamene amuna amenewa ankapumulirapo, kamene tsopano kadasanduka malo osungirako mbiri ya mtokoma. Chimene chindigwira mtima ndikaganizira anthu amenewo ndi ichi: mwini kalata sadamdziwe, za m'kati mwake sadazidziwe, wozilandira sadamuonepo, komabe adaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha kapepala ka munthu wachilendo. Pa kukhulupirika kotere ndi pamene padamangidwa positi ofesi ya dziko lino.

Akuluakulu amene mukundimvera mukumbukira bwino masiku amene amuna a m'midzi mwathu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia. Masiku amenewo mudzi wonse unkayembekeza thumba la makalata lofika pa sukulu kapena pa mishoni, pakuti keyala ya anthu ambiri idali ya aphunzitsi kapena ya abusa. Ndipo kalata ikafika, mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wa sukulu kuti amuwerengere, namva kuti mwamuna wake akali moyo, sadatchone, ndi kuti watumiza kangachepe ka msonkho ndi ka mchere. Telegalamu ndiyo inkabweretsa uthenga wa maliro. Kabuku ka banki ya ku positi ofesi ndiko kadaphunzitsa makolo athu kusunga ndalama kwina kosakhala m'chitini chokwirira pansi. Ndipo pamene sukulu yophunzitsa anthu mwa makalata, Malawi Correspondence College, idatsegulidwa m'chaka cha 1965, ana ambiri amene sadapeze malo ku sekondale adalandira maphunziro awo m'envelopu, nabwezanso mayankho awo m'envelopu momwemo. Nyumba imodzi idali mthenga, idali nkhokwe ya chuma, idalinso njira ya ku sukulu. N'chifukwa chake mkulu wa positi ofesi ankalemekezedwa pa boma pamodzi ndi aphunzitsi aakulu ndi asing'anga a kuchipatala.

Zinthu zidasintha, ndipo tiyenera kunena chilungamo cha m'mene zidasinthira, kuti tisaweruze anthu pa mlandu umene suli wawo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la m'chaka cha 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA kuti likhale loyang'anira, lidakonzanso zoti ntchito ya lamya ndi ntchito ya makalata, zimene kale zidali pansi pa denga limodzi, zipatukane. Ndipo pofika m'chaka cha 2000 lamya zidapita kwa Malawi Telecommunications Limited, makalata natsala kwa Malawi Posts Corporation. Banki ija nayo idaima payokha ndi dzina la Malawi Savings Bank, kufikira idagulitsidwa m'chaka cha 2015. Kenaka foni zam'manja zidadzaza dziko. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, kotero kuti ndalama imene kale inkayenda masabata ndi money order tsopano ifika kumudzi munthu asanabweze foni m'thumba. Makampani onyamula katundu adachuluka, ngakhale madalaivala a mabasi adayamba kunyamula maenvelopu ndi mitolo. Positi ofesi idatsala monga kholo limene ana ake opeza bwino adapita kukamanga maanja kwina, iye natsala yekha ndi nyumba yaikulu yofuna kufolera chaka ndi chaka. Ichi tichivomereze, pakuti n'choonadi. Koma chimene ine sindingachivomereze ndi maganizo akuti popeza ndalama zachepa, ulemu nawo uyenera kuchepa.

Taganizani kuti afika ndani pa positi ofesi ya mumzinda lero lino. Wopeza bwino ali ndi njira zake zambiri, ndipo akakhumudwa pano apita kwina. Amene aima pamzere ndi mnyamata womaliza sukulu amene wabwereka ndalama ya sitampa kuti atumize kalata yofunsira ntchito ku bokosi limene adaliona m'nyuzipepala. Ndi mayi amene mwana wake wa ku Johannesburg kapena ku London wamtumizira phukusi. Ndi mlembi wa mpingo wodzatsegula bokosi la makalata. Ndi mtumiki wa ku ofesi wodzatenga thumba la Private Bag. Ndi wamasiye wotumiza zikalata za malemu mwamuna wake ku likulu, zimene zikatayika sangazipezenso. Ndi munthu wodzafuna thandizo la boma pa malo a Mlatho, amene adatsegulidwa m'mapositi ofesi ena monga ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Ambiri mwa iwo akabwezedwa pano alibe kwina kolowera. Ndipo munthu wopanda kwina kolowera ndiye ayenera kulandiridwa ndi manja awiri koposa onse, pakuti kumpeputsa n'kosavuta, ndipo palibe amene adzamva kulira kwake.

Tsono tiyeni tilowe. Sindikunena za ofesi imodzi kapena za munthu mmodzi ayi, ndipo ndidziwa kuti alipo antchito okhulupirika amene agwira ntchito yawo ndi mtima wonse. Koma zimene nditi nditchulezi, amene muyenda m'maofesi otumikira anthu muzizindikira. Mazenera angakhale ambiri, koma lotsegula n'kukhala limodzi, ndipo pamwamba pake popanda chikwangwani chonena kuti pano n'pogula masitampa, apo n'polandirira maphukusi. Munthu aima pamzere nthawi yaitali, ndipo pofika kutsogolo ndi pamene auzidwa kuti mzere wake si umenewu. Apereka moni, moni wake n'kugwa pansi wopanda womutola, popeza maso a kalaliki ali pa foni. Wina wovala bwino alowa, napitirira mzere wonse, nathandizidwa msanga, anthu onse akupenya. Fomu yoti alembe ili m'Chingerezi chokha, cholembera palibe, ndipo wochita manyazi kunena kuti sadziwa kulemba angotuluka mwakachetechete ngati kuti waiwala kanthu kunja.

Koma mawu amene andiwawa koposa onse ndi awa: mubwere mawa. Ndi mawu opepuka pakamwa pa wowanena, koma olemera pamsana pa wowalandira. Munthu wochokera ku Bangwe kapena ku Chirimba, ku Chinsapo kapena ku Area 25, ku Chibavi kapena ku Chinamwali, pamene auzidwa kuti abwere mawa, ndiye kuti walipira minibasi ya lero pachabe, adzalipiranso ya mawa, ndipo ganyu ya masiku awiri yapita. Mwina mtengo wa ulendo wapitirira mtengo wa chinthu chimene adadzera. Zilipo nthawi zimene mawu amenewa sangapewedwe, pakuti magetsi amathima, netiweki imagwa, ndipo galimoto ya makalata imachedwa panjira. Pa nthawi zotere chimene munthu afuna n'chochepa ndithu: auzidwe chifukwa chake, auzidwe akangolowa osati atatha kuima mpaka miyendo kuwawa, ndipo auzidwe tsiku loona. Wouzidwa choonadi apirira, pakuti anthu a dziko lino kupirira adakuzolowera; koma wobwezedwa kawiri katatu ndi mawu ongomuchotsera pamaso, ameneyo sabweranso, ndipo kumene apita akauza anzake khumi. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tsiku lina ndidaona, m'positi ofesi ina imene sindiitchula, nkhalamba yaimuna itagwira kapepala koidziwitsa kuti phukusi lake lafika. Pa zenera loyamba adailozera ndi chibwano ku zenera lachiwiri. Pa lachiwiri adaiuza kuti wa maphukusi watuluka. Ndipo idaima pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja, osadziwa kopita. Pamenepo mayi wina wogwira ntchito momwemo, amene zenera lake silidali la maphukusi konse, adanyamuka pampando, natuluka, nati, “Takulandirani agogo, pepani mwaima nthawi yaitali, tandionetsani kapepalako.” Adaikhazika pansi, nalowa m'kati, ndipo posakhalitsa adatuluka ndi phukusi ndi buku losainamo. Mayi ameneyo sadalandire ndalama yapadera, sadadikire chilolezo chochokera ku likulu, sadafune kompyuta yatsopano. Adangokumbukira kuti woimayo ndi kholo la munthu. Zonse ziwiri zidachitika m'nyumba imodzi, pa ola limodzi, pakati pa anthu olandira malipiro kwa bwana mmodzi. Ndipo ndi pamene ndidatsimikiza mumtima kuti umphawi wa bungwe sungakhale chifukwa chonyozera munthu.

(Kanyimbo kakafupi)

Tikupitiriza nkhani yathu ya positi ofesi ya mumzinda, ndipo tsopano tikweze maso kuchoka pa zenera, tiyang'ane nyumba yeniyeniyo.

Nyumba zambiri za mtokoma zidamangidwa kalekale, ndipo zidamangidwa molimba, pa malo abwino a pakati pa mzinda, kumene munthu aliyense angafike mosavuta. Koma nyumba ya makalata ili ndi mdani wake wamkulu, ndiye madzi. Pakuti denga likadontha pa sitolo ya makasu, makasu auma, koma likadontha pa thumba la makalata, inki isungunuka, keyala ifafanizika, ndipo satifiketi imene mwana adaivutikira zaka zinayi isanduka phala. Chifukwa chake kukonza denga la positi ofesi mvula isanagwe ndi mbali ya ntchito yeniyeni yosunga makalata, yolingana ndi kukhoma chitseko usiku. Chimodzimodzinso mabokosi a makalata, aja a timakomo ting'onoting'ono tokhala ndi manambala. M'dziko muno kalata kawirikawiri siifika pakhomo pa munthu, imathera m'bokosi. Ndipo amene alipira bokosi chaka ndi chaka agula chinthu chimodzi chokha, ndicho chitsimikizo chakuti palibe dzanja lina lidzafika pa makalata ake. Kakhomo kakathyoka n'kukhala miyezi kali pululu, kapena khonde la mabokosi likakhala mumdima kotero kuti mayi aopa kupitako dzuwa litapendeka, ndiye kuti munthuyo walipira chinthu chimene sadalandire.

Nanga pokhala? Pamzere paima amayi oyembekezera, amayi obereka ana kumbuyo, odwala ndi okalamba. Benchi limodzi kapena awiri m'mbali mwa khoma angachepetse masautso awo. Nanga chimbudzi? Ndi nkhani imene ambiri achita nayo manyazi, koma ine ndiinena poyera, pakuti munthu amene wayenda ulendo wautali ndi mwana, n'kupeza chimbudzi chokhoma ndi kiyi wosadziwika kumene ali, wachotsedwa ulemu umene ngakhale mlendo wa pamudzi samanidwa. Nanga makwerero a pakhomo? Dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu a ulumali m'chaka cha 2012, ndipo mwa zina lidanena za ufulu wawo wolowa m'nyumba zotumikira anthu onse. Koma m'bale wathu woyenda pa njinga ya olumala akafika pa makwerero opanda potsetsereka, ayenera kudikira anthu achifundo kuti amunyamule, kapena kupereka kalata yake yachinsinsi kwa munthu wongodutsa. Iye sadadzere chifundo. Adadzera sitampa, monga wina aliyense.

Pano ndifuna tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu akonda kuzisakaniza. Zilipo zofuna ndalama zambiri: malata atsopano, utoto wa nyumba yonse, makompyuta, makina operekera magetsi pamene a ESCOM athima. Zimenezi n'za akuluakulu a bungwe ndi a boma, ndipo tiwapempha aziike patsogolo. Koma zilipo zina zimene mtengo wake ndi tsache, ndowa ya madzi, pepala ndi mtima wofuna: kusesa pakhomo, kuchotsa akangaude m'ngodya, kumatula zidziwitso zakale zimene zidatha ntchito zaka zapitazo, kulemba ndi zilembo zazikulu m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ntchito ya zenera lililonse, kupachika poonekera mitengo ya masitampa ndi ya maphukusi, kutembenuza sikelo kuti mwini katundu aone yekha kulemera kwake, kumangirira cholembera pa chingwe, ndi kugawana nthawi ya nkhomaliro kuti zenera limodzi likhale lotsegula masana, popeza ndi nthawi yokhayo imene antchito a m'maofesi ndi m'masitolo angathe kufika. Zazing'onozi zikalekereredwa, zazikulu nazo zitsata, pakuti mvula ikaona litsiro siikata. Anthu akaona kuti eni nyumba saisamala, nawonso ataya makoko a nthochi pakhomo nalemba pamakoma, ndipo kunyansa kuitana kunyansa kunzake.

Ndingakhale wosalungama ndikapanda kuima kanthawi kumbali ya kalaliki. Iye ndiye akhala m'nyumba imeneyo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, pamene ife tingodutsamo. Ngati denga lidontha, lidonthera iye; ngati chimbudzi chafa, chafera iye; ngati kompyuta yaima, ndi iye alandira mkwiyo wa anthu pa cholakwa chimene sadachichite. Munthu amene tsiku ndi tsiku aona kuti malo ake a ntchito palibe wowalabadira, pang'onopang'ono ayamba kukhulupirira kuti iyenso palibe womulabadira. Ndipo wosalemekezedwa avutika kupereka ulemu umene iye sadaulandire. Apa ndi pamene mafunso anga awiri akumana. Kwa inu akuluakulu oyendetsa ntchito ya mtokoma ndinena mwaulemu kuti simungalamule kumwetulira ndi kalata yochokera ku likulu. Konzani mpando wa kalaliki, mpatseni zida zogwira ntchito, mlipireni pa nthawi yake, mphunzitseni, muyamikireni wochita bwino pamaso pa anzake, ndipo pamenepo mudzakhala ndi mphamvu yodzudzula wamwano popanda iye kukulozani chala.

Ndipo udindo umene kalaliki asenza si waung'ono. Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 21, ateteza chinsinsi cha munthu, natchula makalata mwachindunji. Kotero envelopu yomata ndi chinthu chopatulika m'manja mwa wantchito, chosayenera kutsegulidwa, kusuzumiridwa kapena kukambidwa kunja. Komanso zenera limenelo, ngakhale lioneke lakale, ndi khomo la dziko lonse lapansi. Pa 9 Okutobala 1874, mumzinda wa Bern ku Switzerland, maiko adapangana kuti pa nkhani ya makalata adzakhala ngati dera limodzi, ndipo pamenepo padabadwa bungwe la Universal Postal Union, limene lero lili ndi maiko 192, Malawi ali momwemo. N'chifukwa chake tsiku la 9 Okutobala likumbukiridwa chaka chilichonse monga tsiku la mtokoma. Mu Africa muno mulinso bungwe la Pan African Postal Union, lokhazikitsidwa mu 1980, limene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mwa mapangano amenewa, sitampa yogulidwa ku Mzuzu kapena ku Limbe ikakamiza wantchito wa dziko lakutali, amene sadamvepo dzina la mudzi wanu, kuti afikitse kalata yanu kwa mwini wake. Wodinda chidindo pa envelopu ndi mdindo wa pangano limenelo.

Tsopano ndibwere kwa ife eni makalata, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo makalata ena asochera chifukwa cha ife tomwe. Lembani keyala ndi zilembo zooneka bwino: dzina, nambala ya bokosi, ndi dzina la positi ofesi mokwanira, pokumbukira kuti mzinda umodzi uli ndi maofesi angapo, bokosi la ku Chichiri, Blantyre 3, si la ku Limbe, ndipo Lilongwe 3 ndi ya ku Capital City, yosiyana ndi ya ku tauni yakale. Dziko lathu lilinso tsopano ndi manambala a madera, a ziwerengero zisanu ndi chimodzi; funsani ya kwanu, muizolowere. Kumbuyo kwa envelopu lembani keyala yanu, kuti kalata ikalephera kufika ibwerere kwa inu. Ndalama musaike m'envelopu wamba, ngakhale pang'ono. Zikalata za mtengo wapatali, monga masatifiketi ndi mapepala a kukhoti, zitumizeni pa rejisitala kapena pa EMS, mutayamba mwasunga makope ake kunyumba. Ndipo lisiti limene mupatsidwa mulisunge kufikira wolandira atakuuzani kuti chafika. Pa katundu wopita kunja kapena wochokera kunja mudzaona nambala yoyamba ndi zilembo ziwiri, kenaka ziwerengero zisanu ndi zinayi, n'kumaliza ndi zilembo ziwiri za dziko limene katunduyo wachokera, zimene kwa ife ndi MW. Nambala imeneyo ndiyo mboni yanu, ndipo popanda iyo ngakhale kalaliki wa mtima wabwino asowa poyambira kufufuza. Phukusi limangeni molimba, ndipo munene zoona za m'kati mwake. Podzalandira katundu tengani chiphaso chanu cha unzika; ndipo ngati katundu wochokera kunja afuna msonkho, dziwani kuti msonkhowo ndi wa bungwe la MRA, ndipo uli ndi lisiti lake. Ndalama iliyonse imene mupereka pa zenera ituluke ndi lisiti. Pamene simukumvetsa funsani, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo inunso perekani moni. Kumbuyo kwa zenera kuli mwana wa munthu.

Nanga mukalakwiridwa mutani? Chizolowezi chathu n'kung'ung'udza m'minibasi pobwerera kunyumba, kumene wolakwayo samva ndipo wokhoza kukonza zinthu kulibe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ofesi iliyonse ili ndi mkulu wake. Pemphani kuonana naye, mufotokoze modekha tsiku, nthawi, zenera ndi chimene chidachitika, mutagwira lisiti lanu. Ngati simuthandizidwa, lembani kalata ku likulu la bungwe ku Blantyre, musunge kope lake. Ngati nakonso kuli chete, a MACRA alipo, amene lamulo lidawapatsa udindo womva madandaulo a anthu pa ntchito za mtokoma ndi zamauthenga. Iliponso ofesi ya Ombudsman, imene imva madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama m'maofesi a boma, ndipo siilipiritsa. Kudandaula mwa njira yake si mwano, ndipo sikuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa. Kuthandiza mkulu wa ofesi kuona zimene sangazione ali m'chipinda chake. Momwemonso, mukathandizidwa bwino, funsani dzina la wokuthandizaniyo, mukalitchule kwa mkulu wake, pakuti antchito abwino afooka pamene aona kuti wakhama ndi waulesi ayesedwa chimodzimodzi.

Kwa inu abambo ndi amayi amene muyang'anira mapositi ofesi a m'mizinda yathu, pempho langa ndi ili: mawa m'mawa musalowere khomo la kumbuyo. Lowerani khomo la anthu onse, mukwere makwerero amene iwo akwera, muime pamzere pamene iwo aima, muyese kupeza zenera la maphukusi popanda kufunsa, muyese chitseko cha chimbudzi, muyende pa khonde la mabokosi. Ndipo zimene mungazikonze ndi manja a antchito anu, zikonzeni sabata lomwelino, zotsalazo muzilembere ku likulu, mulembenso kufikira atayankha. Kwa inu omvera, ulendo wina mukapita ku positi ofesi, tengani lisiti, ndipo musatuluke musananene, kaya ndi dandaulo, kaya ndi chiyamiko.

  

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)